Kodi Damu Ndi La Yani? Milandu Ya Madzi Ku India

Tiyerekeze kuti m'mudzi mwanu muli damu lalikulu. Amene adalimangitsa kalekale ndi agogo a munthu wina wachuma. Koma amene adakumba ndi kusenza dothi pamutu ndi agogo anu. Chiyambire, mudzi wonse umamwetsa ng'ombe pomwepo. Amayi amachapa pomwepo. Mpunga wanu umakhwima ndi madzi omwewo. Tsono tsiku lina Boma likulengeza kuti damulo ndi la Boma. Wachuma uja akukana. Akuti, "Iyayi, damuli ndi langa, adandisiyira makolo anga." Inu mungaŵeruze bwanji?

Imeneyi si nthano ayi. Ku India funso limeneli lavuta anthu kwa zaka zoposa 70, ndipo makhoti akali kumvabe milandu yake. M'kabuku kano tiwona mmene mkanganowu udayambira, zimene malamulo adanena, ndiponso mmene oŵeruza adagamulira milandu ina yotchuka. Ŵerengani mosathamanga. Maina ena ndi achilendo, koma nkhaniyi mukuidziŵa kale. Ndi nkhani ya madzi, minda ndi chilungamo.

Madamu a ku India ndi otani?

India ndi dziko lalikulu la ku Asia. Lili ndi anthu oposa 1,400 miliyoni. Dzikoli lidagaŵidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi Boma lake ndi Nyumba ya Malamulo yake. Nkhani za malo ndi madzi zili m'manja mwa maboma a zigawozi. N'chifukwa chake malamulo a malo amasiyana, chigawo ichi zake, chigawo icho zake.

M'madera ambiri a dzikolo mvula imagwa miyezi inayi yokha, kuyambira Juni mpaka Seputembala. Ikagwa imagwa yamphamvu, kenaka dzuŵa lokhalokha. Motero makolo awo adaphunzira kusunga madzi. Ankasankha malo otsetsereka, namanga khoma lalitali la dothi lopingasa chigwa. Madzi a mvula ankaima kuseri kwa khomalo. M'munsi mwa khoma ankasiya potulukira madzi pokhala ndi chitseko, ndipo madziwo ankayenda m'ngalande kupita kuminda. Kumbali ankasiya posefukira, kuti damu likadzaza khoma lisagumuke. Madzi osefukirawo ankatsikira m'damu la mudzi wakumunsi, nalonso likadzaza n'kupatsira linzake. Madamu ankalumikizana ngati mkanda.

Pa Chingerezi cha ku India madamu ameneŵa amatchedwa tank. Koma musaganize za thanki yachitsulo ayi. Ena ndi aang'ono ngati dziŵe la nsomba, ena ndi aakulu ngati kanyanja. A mtundu wa Tamil amati eri, a Telugu amati cheruvu, olankhula Hindi amati talab. M'chigawo cha Tamil Nadu mokha muli madamu oterewa okwana ngati 39,000.

Ntchito ya damu ndi yambiri. Limathirira mpunga ndi nzimbe. Limasunga nsomba. Ziŵeto zimamwa pomwepo. Madzi ake amaloŵerera pansi, motero zitsime zoyandikira siziphwa msanga. Likauma m'chilimwe, alimi amatapa matope a pansi pake n'kukathira m'minda ngati manyowa.

Damu limafuna chisamaliro. Chaka ndi chaka pamafunika kuchotsa matope, kutseka ming'alu ya khoma ndi kulambula ngalande. Ku Tamil Nadu mwambo wogwira ntchito imeneyi mudzi wonse pamodzi umatchedwa kudimaramath. Kunalinso munthu wotsekula chitseko ndi kugaŵa madzi munda ndi munda, wotchedwa neerkatti. Malipiro ake anali mpunga umene alimi ankasonkha akakolola.

Eni malo aakulu

Angerezi atayamba kulamulira India, ankafuna njira yapafupi yotolera msonkho. M'chaka cha 1793, Bwanamkubwa Lord Cornwallis adakhazikitsa pangano ku Bengal. Anthu amene kale ankangotolera msonkho adasanduka eni malo. Dzina lawo linali zamindar. Iwo ankapereka ndalama yoikika ku Boma, ndipo alimi ankalipira lendi kwa iwo. M'dera la pakati pa India, zoterezi zidachitika cha m'ma 1860, ndipo kumeneko mwini mudzi ankatchedwa malguzar.

Amene adamva mbiri ya thangata m'maesiteti a kuno kwathu sangavutike kumvetsa. Munthu ankabadwira pamalo, kulima pomwepo, kukalambira pomwepo, koma malowo osakhala ake.

Mwini malo akalembedwa kuti mudzi ndi wake, damu la m'mudzimo linkalembedwanso m'dzina lake. Ena adalidi atamanga madamuwo ndi ndalama zawo. Ena adangowapeza alipo kale. Koma anthu a m'mudzi sadaleke kugwiritsa ntchito madziwo. Ufulu wawo wosamba, kuchapa ndi kumwetsa ziŵeto unkatchedwa nistar. Oyeza malo akabwera, ankalemba miyambo yonse ya mudzi m'kaundula wotchedwa wajib-ul-arz. M'menemo munkalembedwa amene amathirira ndi damu lakuti, amene amalikonza, ndi mmene madzi amagaŵidwira. Sungani dzina la kaundula ameneyu, tikumana naye kutsogoloku.

Ludzu la ku Mahad

Mawu akuti "damu ili ndi laumwini" adagwiritsidwapo ntchito pozunza anthu. Ku India kunali anthu amene anzawo ankaŵayesa odetsedwa chibadwire. Lero amatchedwa Dalit. Anthu ameneŵa sankaloledwa kutunga madzi pamene ena ankatunga.

M'tauni ya Mahad munali dziŵe lotchedwa Chavdar. Pa 20 Malichi 1927, mtsogoleri wawo, Dr B. R. Ambedkar, adatsogolera khamu la anthu kupita padziŵelo, natapa madzi, namwa. Anthu ena a mitundu yodziyesa yapamwamba adakwiya kwambiri. Adathamangira kukhoti, nanena kuti dziŵelo ndi laumwini, si la anthu onse. Mlanduwo udatenga zaka khumi. Mu 1937 Khoti Lalikulu la ku Bombay lidagamula kuti anthu a Dalit ali ndi ufulu wotunga pamenepo.

Pambuyo pake Dr Ambedkar yemweyo ndiye adatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu oyendetsera dziko la India. Malamulowo adayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950. Ndime 15 imaletsa kukaniza munthu chifukwa cha mtundu wake pa chitsime kapena damu limene limasamalidwa ndi ndalama za Boma, kapena limene lidaperekedwa kuti lithandize anthu onse.

Malamulo othetsa eni malo aakulu

India adalandira ufulu wodzilamulira pa 15 Ogasiti 1947. Atsogoleri adali atalonjeza alimi kuti munda udzakhala wa amene amaulima. Tsono zigawo zidayamba kupanga malamulo ochotsa ma zamindar ndi ma malguzar. Madras, imene lero ndi Tamil Nadu, idapanga lamulo lake mu 1948. Bihar, Uttar Pradesh ndi Madhya Pradesh adapanga awo mu 1950. West Bengal idatsatira mu 1953.

Mfundo ya malamulo onseŵa inali imodzi. Pa tsiku loikika, umwini wa mwini malo wamkulu unkatha, ndipo malo ake ankapita m'manja mwa Boma. Nkhalango, mabusa, misika, mitsinje ndi madamu zinkapita limodzi. Mwini uja ankalandira chipepeso, nkusungako nyumba yake ndi minda imene ankalima yekha.

Eni malo sadangokhala chete. Adapita kumakhoti. Mu Malichi 1951 Khoti Lalikulu la ku Patna lidakana lamulo la Bihar. Boma la Jawaharlal Nehru litawona izi, lidasintha malamulo aakulu a dziko chaka chomwecho, kuti malamulo okonza za malo asamagwetsedwe m'makhoti mwa njira imeneyo. Kuyambira pamenepo eni malo sakadathanso kutsutsa lamulo lonse. Chimene chidatsala ndi kulimbana pa chinthu chimodzichimodzi. Uyu ankati, "Munda uwu ndinkalima ndekha." Uyo ankati, "Damu ili silikukhudzidwa ndi lamulo." Apa ndiye padayambira milandu ya madamu.

Mafunso atatu a ku Madhya Pradesh

Tiyeni tione chigawo chimodzi bwinobwino. Ku Madhya Pradesh umwini wa ma malguzar udatha pa 31 Malichi 1951. Koma lamulo la 1950 silidalande damu lililonse. Lidalola mwini wakale kusunga damu limene linali pakati pa munda wake. Lidamulolanso kusunga damu la kwina ngati panalibe munthu wina aliyense wokhala ndi ufulu wothirira ndi madzi ake.

Pamenepa padatseguka mpata. Eni akale ambiri adapeza njira yosungira madamu amene mudzi wonse unkadalira. Tsono mu 1959 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo lina lalikulu la malo. Ndime 251 ya lamulolo idati, kuyambira pa 6 Epulo 1959, damu lililonse lokhala pa malo osalimidwa ndi munthu, limene anthu a m'mudzi ankathirira nalo kapena ankachitapo nistar, likhale la Boma. Amene ankati damulo ndi lake adauzidwa kukapempha chipepeso kwa mkulu wa Boma wa m'deralo, wotchedwa Collector. Chipepesocho chinali msonkho wa pachaka wa malo okutidwa ndi damulo, kuuchulukitsa ka 15.

Choncho mlandu wa damu ukafika, woŵeruza amafuna mayankho a mafunso atatu.

Loyamba: kodi damulo lili pa malo otani? Pa munda wa munthu, kapena pa malo opanda mlimi?

Lachiŵiri: kodi pa tsiku limene umwini wa ma malguzar unkatha, anthu a m'mudzi ankagwiritsa ntchito madziwo?

Lachitatu: ngati ankatero, kodi unali ufulu wawo, kapena mwini ankangoŵalola mwa chifundo chake?

Mayankho ake sachokera m'mutu. Amachokera m'mabuku akale a mudzi, m'mapu a oyeza malo ndi mwa mboni zachikulire. Lamulo limeneli lidapitirira kugwira ntchito ngakhale ku Chhattisgarh, chigawo chimene chidapatuka ku Madhya Pradesh mu 2000.

Mbali ziŵiri za mlandu

Mlandu sagamula utamva mbali imodzi. Tiyerekeze kuti anthu aŵiri aima pamaso pa mkulu wa Boma. Wina ndi mdzukulu wa malguzar. Wina ndi mlimi wa mpunga.

Mdzukulu uja akuti, "Bwana, damuli adakumbitsa agogo anga ndi ndalama zawo. Khoma likang'ambika, tinkakonza ndife. Mbewu ya nsomba timagula ndife. Anthuŵa timangoŵalola kumwetsa ng'ombe chifukwa ndife anthu. Nanga chifundo chathu chomwecho chitilanditse katundu? Ndiye chipepeso mukunenachi, n'chokwana kukumba ngakhale chitsime?"

Mlimi uja akuyankha kuti, "Bwana, ndalama zinali zawo, inde, koma zinkachokera kuti? Si lendi ya makolo athu? Dothi la khomali adasenza ndani? Mvula imene imadzaza damuli imagwa pa dziko lonse, siigwa padenga pawo pokha. Chaka cha chilala iwo amayamba kuthirira nzimbe zawo, ife mpunga uli kufota. Ukalankhula, maŵa upeza chitseko chotseka. Kodi moyo wa mudzi wonse ukhale m'thumba mwa munthu mmodzi?"

Mwaona? Aliyense ali ndi mfundo. N'chifukwa chake malamulo a India amayesa kugwira mbali zonse ziŵiri. Mu 1978 ufulu wokhala ndi katundu udachotsedwa pa mndandanda wa maufulu aakulu a munthu. Komabe ndime 300A idaikidwa, yonena kuti munthu asalandidwe katundu wake popanda lamulo lololeza. Ndiye kuti Boma silingangodzuka n'kutenga damu chifukwa lalifuna. Liyenera kuwonetsa lamulo, ndi kutsata njira imene lamulolo lidaika.

Mlandu wa Navegaon

Kum'maŵa kwa chigawo cha Maharashtra kuli dera la madamu ambiri, kufupi ndi Bhandara ndi Gondia. Madamu ambiri a kumeneko adamangidwa zaka mazana angapo zapitazo ndi anthu a mtundu wa Kohli, pa nthaŵi ya mafumu a mtundu wa Gond. Mpaka lero amatchedwa madamu a malguzari. Mu 1951 derali linali mbali ya Madhya Pradesh, motero madamu ake aakulu adapita m'manja mwa Boma.

Limodzi mwa iwo ndi Navegaon Bandh, damu lalikulu ngati nyanja yaing'ono. Alimi a midzi yozungulira ankathirira mpunga ndi nzimbe ndi madzi ake osalipira kanthu, kuyambira pa makolo awo. Patapita zaka, Boma lidati, "Damuli tsopano ndi lathu. Aliyense wothirira azilipira msonkho wa madzi." Alimi ndi eni akale adakana. Adapita ku Khoti Lalikulu, napambana. Boma silidakhutire, lidakasuma ku khoti loposa onse m'dzikomo, la Supreme Court. Mu 1978 khotilo lidagamula mokomera alimi.

Chidaŵapulumutsa n'chiyani? Ndi kaundula uja, wajib-ul-arz. M'menemo mudalembedwa kuti alimiwo ali ndi ufulu wothirira mwaulere. Oŵeruza adawona kuti lamulo la 1950 lidathetsa umwini wa malguzar, koma silidathetse ufulu wa alimi pa madzi. Boma lidatenga damu pamodzi ndi mangaŵa ake. Taganizani! Mizere yoŵerengeka yolembedwa kalekale idaposa mphamvu za Boma lathunthu.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina yoŵaŵa. Pa zaka zonse za kukangana, madamu ambiri a m'deralo adasoŵa woŵasamala. Eni akale ankati, "Tikonzerenji chinthu chimene adatilanda?" Boma nalo silinkafulumira kuwononga ndalama pa damu losabweretsa msonkho. Matope adadzaza, makoma adagumuka, ngalande zidamera udzu. Mlandu suwola, koma damu limawola.

Zigawo zina zidatani?

Ku Tamil Nadu lamulo la 1948 lidapereka madamu a m'maesiteti ku Boma. Koma eni akale ena adalandira zikalata za umwini, zotchedwa patta, ponena kuti damu lakuti kapena dziŵe lakumwa lakuti linali lawolawo. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo idatseka mpata umenewu. Idawonjezera ndime yonena kuti patta isaperekedwe pa damu kapena dziŵe lotere, ndi kuti imene idaperekedwa kale yafafanizidwa.

Ku West Bengal adayamba mosiyana. Kumeneko nsomba ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Lamulo la 1953 lidalola mwini malo kusunga maekala 25 okha a minda, koma lidamulola kusunga maiŵe oŵetera nsomba. Tsono mukudziŵa mtima wa munthu. Padabuka milandu yambiri yofuna kudziŵa ngati malo akuti analidi dziŵe la nsomba, kapena unali munda wa mpunga umene mwini adangoutcha dziŵe pofuna kuzemba lamulo. Pambuyo pake, mwa kusintha kwa lamulo kwa 1981, maiŵe nawonso adayamba kuŵerengedwa ngati malo, pa muyeso wa malo amene banja limodzi lingasunge.

Ku Uttar Pradesh malo a ma zamindar adapita m'manja mwa Boma pa 1 Julayi 1952. Kumeneko Boma litatenga maiŵe, lidaŵapereka m'manja mwa bungwe la mudzi, lotchedwa Gaon Sabha, kuti liziŵayang'anira m'malo mwa anthu onse.

Nanga damu likauma?

Mkangano wina umabuka damu likadzaza matope n'kuuma. Pansi pake pamakhala posalala, pachonde, pafupi ndi mudzi. Anthu amapasirira. Wina amadzalapo mbewu, wina amamangapo nyumba. Pakapita zaka amati, "Pano palibe damu, malo ano ndi anga."

Mu 2001 khoti la Supreme Court lidamva mlandu wa mudzi wa Ugapur, ku Uttar Pradesh. Akuluakulu a Boma adali atagaŵira anthu mapuloti a nyumba pa mbali ya dziŵe imene idauma. Khoti lidakana. Lidati dziŵe likaphwa chifukwa chosasamalidwa, mankhwala ake ndi kulikumbanso, osati kuligaŵa. Lidalamula kuti malowo abwezedwe ndipo dziŵe likonzedwe.

Mu Januwale 2011 khoti lomwelo lidagamula mlandu wa mudzi wa Rohar Jagir, kufupi ndi Patiala, m'chigawo cha Punjab. Anthu ena adakwirira dziŵe la mudzi namangapo nyumba. Adapempha kuti alipire ndalama, malowo akhale awo. Woŵeruza Markandey Katju ndi mnzake adakana. Adati kukhalitsa pamalo, kuwonongerapo ndalama zambiri, kapena kudziŵana ndi andale, sikusandutsa malo a mudzi kukhala a munthu. Adalamula zigawo zonse za India kukonza njira zochotsera anthu oloŵerera malo a mudzi. Adangosiya kampata kakang'ono, monga pamene malowo adabwerekedwa mwa lamulo kwa amphaŵi opanda minda, kapena pamene pali kale sukulu kapena chipatala.

Apa mpofunika kusamala. Woloŵerera wina ndi wachuma wofuna kuwonjezera chuma. Wina ndi mmphaŵi wosoŵa pogona. Kugwetsa nyumba ya mmphaŵi popanda kumupatsa kwina kolowera ndi kuthetsa vuto lina poyambitsa linzake. Nkhani imeneyi imautsa mikangano nthaŵi zonse pamene Boma lipita kukachotsa anthu.

Kodi Boma likatenga, zonse zimakoma?

Ayi ndithu. Kutenga damu n'kosavuta, kulisamala ndiye ntchito. M'madera ambiri, damu litakhala la Boma, anthu adaleka kugwira ntchito yolikonza. Ankati, "Eni ake abwera." Eni akewo anali kutali kumaofesi, ndalama zili zochepa. Komanso alimi opeza bwino adakumba zitsime zakuya naika mapampu, motero adasiya kulabadira damu la onse. Amene adatsala akulidalira ndi osauka. Chiyambire cha m'ma 1960, malo othiriridwa ndi madamu ameneŵa ku India adachepa kupitirira theka.

Nthaŵi zina Boma lenilenilo ndilo lidakwirira madamu. Mumzinda wa Bengaluru, pamene pali depoti yaikulu ya mabasi panali damu lotchedwa Dharmambudhi. Mumzinda wa Chennai, dera la malonda la T. Nagar lidamangidwa cha m'ma 1920 pamene panali damu lalikulu. Koma akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Kumapeto kwa 2015 mvula yamphamvu idagwa ku Chennai. Madzi adasoŵa koima, naloŵa m'nyumba za anthu, ndipo anthu mazana angapo adafa m'chigawocho. Pasanathe zaka zinayi, mu Juni 2019, mzinda womwewo udasoŵa madzi akumwa, madamu ake aakulu atauma.

Maboma ena adaphunzirapo. Tamil Nadu idapanga lamulo loteteza madamu mu 2007, ndipo mu 2017 idadzutsanso ntchito ya kudimaramath. Chigawo cha Telangana chidayamba mu 2015 ntchito yotchedwa Mission Kakatiya, yofuna kukonza madamu oposa 46,000. Alimi ankatenga matope ochotsedwawo kukathira m'minda mwawo, monga ankachitira makolo.

Mu 2023 Boma la India lidatulutsa zotsatira za kalembera woyamba wa malo osunga madzi. Adapeza maiŵe, madamu ndi nyanja zokwana 2,424,540. Mwa zimenezi, 55 pa 100 zilizonse zinali m'manja mwa anthu wamba, osati Boma. Zokwana 38,496 zidapezeka kuti anthu adaziloŵerera. Ndiye mukuwona kuti Boma silidatenge madzi onse. Dziŵe lokumba munthu m'munda mwake, la iye yekha, likali lake. Mkangano uli pa madamu amene munthu mmodzi amati ndi ake, pamene mudzi wonse umaŵadalira.

Tikuphunzirapo chiyani?

Choyamba, umwini wa damu ndi ufulu wogwiritsa ntchito madzi ake ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Ku Navegaon damu lidasintha mwini, koma ufulu wa alimi udatsala.

Chachiŵiri, Boma likatenga chinthu cha mudzi, limakhala ngati msungi. Silitenga kuti ligulitse kapena ligaŵire okondedwa ake. Likulakwa, makhoti angathe kuliletsa, monga zidachitikira ku Ugapur.

Chachitatu, amene akulandidwa nayenso ndi munthu. Ayenera kuuzidwa, kumvedwa, ndi kulandira chimene lamulo lidamulonjeza.

Chachinayi, pokangana za mwini, tisaiŵale kufunsa za wokonza. Damu lopanda wolikonza silithandiza mwini, silithandiza Boma, silithandizanso mudzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu, zolembedwa zimakhalitsa kuposa mboni. Okalamba amene adawona damu likukumbidwa amamwalira. Pepala limatsala. Ngati m'mudzi mwanu muli damu, chitsime kapena mjigo umene wina adapereka malo ake, khalani pansi ndi mfumu ndi mwini malo. Gwirizanani za amene azitunga, amene azikonza ndi malire ake. Lembani zimenezo, muike tsiku, onse asayine. Ndipo musanasayine, ŵerengani nokha.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Kodi zamindar ndi malguzar anali anthu otani?
2. Tchulani mafunso atatu amene woŵeruza amafunsa pa mlandu wa damu ku Madhya Pradesh.
3. N'chiyani chidathandiza alimi a ku Navegaon kupambana mlandu mu 1978?
4. Chifukwa chiyani madamu ena adawonongeka atakhala a Boma?
5. Mukadakhala woŵeruza pakati pa mdzukulu wa malguzar ndi mlimi wa mpunga uja, mukadagamula bwanji? Fotokozani zifukwa zanu.
6. Kodi kwanuko malo amene mumatunga madzi ndi a yani? Nanga akawonongeka amakonza ndani?